Chigumu akadali ndi njala: kasungidwe ka zinthu zanu zakale za pa Neopets

Kopelo linali la masamu, la Fomu 1, chikuto chake chitathothoka. Ndinalipeza m'katoni kwa amayi ku Chitawira tsiku lina la chiperoni, atandiitana kuti ndikachotse "zinyalala zako zija" m'chipinda chimene tsopano mumagona adzukulu awo. Patsamba lomaliza, pansi pa samu yolakwa, panali mizere itatu ya bolopeni yofiira: dzina lolowera pa Neopets, pasiwedi, ndi dzina lakuti Chigumu265. Ameneyo anali Kacheek wanga wachikasu, kanyama kanga ka pa Neopets. Ndinamutcha Chigumu chifukwa cha mtundu wakewo, ndipo 265 ndinawonjezera kuti azungu adziwe kuti mwiniwake ndi wa kuno. Palibe mzungu anafunsapo.

Kwa inu amene simunazipeze izi: Neopets ndi webusaiti ya ziweto zongopeka imene Adam Powell ndi Donna Williams, achinyamata a ku Britain, anaitsegula pa 15 Novembala 1999. Umasankha kanyama, kukapatsa dzina, kukadyetsa, kusewera timagemu kuti upeze ndalama za komweko zotchedwa Neopoints, ndipo chiweto chilichonse chimakhala ndi tsamba lakelake loti mwiniwake alikongoletse ndi HTML, khodi yolembera masamba a pa intaneti. Muno mu Blantyre tinalipo ochepa. Ena anali ana a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside, amene kwawo kunali intaneti yodzera pa lamya ya m'nyumba. Enafe tinkadalira ofesi ya amalume Loweruka m'mawa, apo ayi tinkaumira ndalama ya mandazi ndi ya minibasi n'kukaisiya pa intaneti kafe ina kufupi ndi Ginnery Corner, kenako ulendo wapansi kubwerera kunyumba.

Nditakwanitsa kulowa, Chigumu ndinamupeza ali phee pamalo pake. Ziweto za pa Neopets sizifa. Pamzere wa njala pamangolembedwa kuti dying, ndipo zimakhala choncho zaka ndi zaka. Chimene chinafa ndi tsamba limene ndinamumangira ndi manja anga, mphindi 30 lero, mphindi 30 sabata yamawa. Theka la zithunzi linali litasanduka timabokosi topanda kanthu, nyimbo ili zii.

Webusaitiyi yakhala ikusinthana manja ngati njinga ya kabaza. Viacom inaigula mu 2005 pa madola 160 miliyoni, JumpStart inaitenga mu 2014, NetDragon ya ku China inagula JumpStart mu 2017, ndipo mu 2023 Neopets inayamba kuima payokha. Lero ilipo, ndipo ikuyenda. Koma mwini aliyense akabwera amasuntha mipando, ndipo palibe amene analonjeza kuti adzasunga kabokosi kowala kamene munaika pamwamba pa tsamba lanu mu 2005. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Zonse zimene ndilembe pansipa ndi njira zochotsera fodyayo pachala.

Bodza la tsiku lobadwa likudikirani pakhomo

Vuto loyamba si pasiwedi. Akaunti ikagona nthawi yaitali, Neopets imafunsa tsiku lobadwa limene munalemba poitsegula, ndipo apa ndi pamene ambirife timagwa, chifukwa tinanama. Lamulo la ku America loteteza ana pa intaneti linkachititsa kuti mwana wosakwana zaka 13 asaloledwe kucheza ndi anzake pa webusaitiyo, pokhapokha kholo litasaina fomu n'kuitumiza pa fakisi kapena pa positi ku California. Tangoganizani kuwauza bambo anu mu 2004 kuti akagule sitampa ya ku America chifukwa cha kanyama ka pa kompyuta. Tinangodzikulitsa zaka basi.

Ndiye musayambe ndi kumenya madeti mwachisawawa, chifukwa mukalakwitsa kangapo amakutsekerani kwa kanthawi. Khalani pansi ndi pepala muganize ngati mwana amene munali. Mwana sanama mwaluso. Amasiya tsiku ndi mwezi wake weniweni n'kusintha chaka chokha, kapena kubwereka tsiku la mkulu wake, kapena kungosankha 1 Januwale chifukwa ndi limene linali pamwamba. Ngati mwapeza deti lolembedwa ndi manambala okhaokha, monga 5/8, dziwani kuti likhoza kukhala 5 Ogasiti kapena 8 Meyi, poti aku America amayamba ndi mwezi. Langa linali la achimwene anga aakulu. Ndinawaimbira foni ku Lilongwe n'kuwafunsa kuti, "Achimwene, paja inu munabadwa 86 kapena 87?" Iwo anati, "Iwe, ukufuna ukatengere ngongole dzina langa?"

Ngati pasiwedi yaiwalika, imelo yakale ndiyo khomo lachiwiri, bola ikhale ikadali yamoyo. Ambirife tinali pa Yahoo kapena Hotmail. Mu 2013 Yahoo inayamba kugawa kwa anthu ena mayina a maimelo amene anakhala chaka chathunthu osatsegulidwa, ndipo Google inanena kuti kuyambira Disembala 2023 ikhoza kufufuta akaunti imene yagona zaka ziwiri. Imelo ikakhala kuti inapita, lembani tiketi kwa othandiza a Neopets. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: musaope kuti Chingerezi chanu n'chothyoka kapena kuti munthu wa ndevu akufunsa za kanyama. Lembani chilichonse chimene mwini yekha angachidziwe: mayina a ziweto, maimelo onse amene munagwiritsapo ntchito, mapasiwedi akale, zimene munasunga mu Safety Deposit Box (mosungira katundu wanu), chaka chimene munayamba, ndi dziko limene munkalowera. Kunena kuti munkalowera ku Malawi si nkhani yaing'ono ayi, tinalipo angati? Kenako dikirani. Yankho silibwera tsiku lomwelo.

Mukangolowa, sinthani pasiwedi ndi imelo nthawi yomweyo. Mu Julayi 2022 zinamveka kuti akuba pa intaneti anatenga zinsinsi za maakaunti okwana 69 miliyoni a Neopets, ndiye ngati pasiwedi ya m'kope lija ndi imene mukugwiritsabe ntchito pa Facebook kapena ku banki, thamangani mukasinthe kumenekonso. Ndipo wina akakuuzani kuti akugulitsani akaunti yakale kapena akutsegulirani yanu mukamulipira, mukaneni. Kugula ndi kugulitsa akaunti n'koletsedwa, ndipo akakugwirani amaitseka yonse.

Mukalowa, manja kumbuyo

Chiyeso chake n'chachikulu. Mudzafuna kuthamangira ku dera la Tyrannia kukatenga chidutswa cha Giant Omelette, chakudya chaulere cha ziweto, kukasuzumira pa Money Tree pamene anthu amasiya zinthu zaulere, kukaona ngati Snowager wagona kuti mumubere kanthu. Paja Neopia, dziko la ziweto zimenezi, imayendera nthawi ya ku California, ndiye tsiku latsopano kumeneko limayamba 9 kapena 10 koloko m'mawa kuno, malinga ndi nyengo. Snowager, chinjoka cha madzi oundana chija, amagona katatu patsiku, ndipo tulo take ta 6 koloko m'mawa timagwera 3 kapena 4 koloko masana kwathu kuno, ndendende poweruka kusukulu. Tinkathamanga ndi mayunifolomu kuti timupeze asanadzuke. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bandulo idzatha, magetsi adzazima, ndipo mudzatseka laputopu musanasunge kanthu. Chigumu wadikira zaka zonsezi, ola lina silimupha.

Tsamba lililonse lofunika mulisunge m'njira zitatu, chifukwa njira iliyonse imagwira chimene inzake imataya.

Yoyamba, imenenso ndi yofunika kuposa zonse, ndi khodi yeniyeniyo. Pitani pamalo osinthira tsamba la chiweto chanu, pamene pali bokosi lodzaza ndi HTML imene munalemba. Dinani m'bokosimo, Ctrl ndi A, Ctrl ndi C, tsegulani Notepad, Ctrl ndi V, n'kusunga ngati fayilo ya .txt. Batani losungira zosintha la pa webusaitiyo musalikhudze. Malamulo a khodi yololedwa akhala akusintha pa zaka zonsezi, ndipo khodi ya 2005 mukaitumizanso lero ikhoza kukanidwa kapena kudulidwa. Chitani chimodzimodzi ndi tsamba la mbiri yanu, mawu a pa shopu yanu, a pa gallery, ndi a pa chiweto chilichonse.

Pano ndikupemphani chinthu chimodzi: musakonze kanthu. Mudzaona Chingerezi chopindika, zilembo zobiriwira pa tsamba lapinki zosawerengeka n'komwe, mawu oyenda okha kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndi chenjezo laukali loti munthu asabe zithunzi zanu, chonsecho inuyo munaziba kwina. Dzanja lidzayabwa. Lisiyeni liyabwe. Patsamba langa ndinalemba kuti Chigumu amakonda "nsima and chambo and to fight", ndipo mzere umenewo ndi umene unandigwetsa misozi, osati chithunzi cha Kacheek chimene anthu mamiliyoni anali nacho chofanana. Chithunzicho anajambula ndi a kampani, pamene zolakwazo ndi zanu.

Yachiwiri ndi tsamba lonse monga likuonekera. Mulitsegule pa adiresi yake, imene imakhala neopets.com/~ kenako dzina la chiweto, ndipo mudine Ctrl ndi S, n'kusankha Webpage, Complete. Mudzapeza zinthu ziwiri: fayilo ya .html ndi foda ya dzina lofanana yokhala ndi zithunzi. Ziwirizi ndi mtondo ndi munsi, mukasamutsa chimodzi n'kusiya chinzake ntchito palibe. Ngati simukufuna mavuto amenewo, ikani kapulogalamu kaulere kotchedwa SingleFile pa Firefox kapena Chrome. Kamalongedza tsamba ndi zithunzi zake zonse m'fayilo imodzi, imene imatseguka ngakhale popanda intaneti. Ine ndimakonda imeneyi.

Yachitatu ndi chithunzi cha sikirini. Firefox ili ndi njira yojambula tsamba lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi: dinani kumanja kwa mawusi, sankhani zojambula, kenako tsamba lathunthu. Chisungeni ngati PNG. Izi n'zofunika chifukwa mabulawuza amasintha, ndipo khodi yomweyo pakatha zaka khumi ikhoza kuoneka mwina. Jambulani tsamba la chiweto pamene pali msinkhu wake m'masiku ndi tsiku lake lobadwa. Kalendala ya Neopia imayamba kuwerenga mu 1999, ndiye mukaona Y6 ndiye kuti 2004. Jambulaninso zikho zanu, ma avatar, masitampa, Safety Deposit Box tsamba ndi tsamba, ndi makalata a Neomail ngati alipo otsala.

Ngati muli ndi foni yokha, zina zimatheka: Chrome ili ndi kamuvi kotsitsira tsamba, ndipo mukhoza kulisandutsa PDF. Koma kunena zoona, bwerekani laputopu ya mnzanu kwa madzulo amodzi. Kukopera khodi ndi chala chachikulu pa kasikirini kosweka ndi chilango.

Msampha umodzi umene umagwira pafupifupi aliyense kuno ndi wodzitumizira zinthu pa WhatsApp n'kumati zasungika. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zichepe, ndipo timazithunzi tophethira ta GIF imatisandutsa vidiyo. Ngati palibe njira ina, zitumizeni ngati document, osati ngati chithunzi. Ma GIF muziwasunga limodzilimodzi podina kumanja kwa mawusi, chifukwa chithunzi cha sikirini chimangogwira kuphethira kumodzi.

Kusaka zimene zinasowa

Apa ndi pamene khodi ija imabweza ngongole. Kabokosi kalikonse kopanda kanthu patsamba lanu kali ndi adiresi kumbuyo kwake. Tsegulani fayilo ya .txt ija, Ctrl ndi F, fufuzani mawu akuti img src. Pambuyo pake pali adiresi ya kumene chithunzicho chinkakhala. Zimene zimayamba ndi images.neopets.com nthawi zambiri zikadalipo. Zimene zinasowa ndi zimene tinkasunga kunja, pa mawebusaiti aulere a nthawi imeneyo. GeoCities inatsekedwa mu Okutobala 2009. Photobucket mu 2017 inayamba kulipiritsa madola 399 pachaka kuti zithunzi zizionekabe pa mawebusaiti ena, ndipo masamba osawerengeka anachita khungu nthawi imodzi. TinyPic inatsekedwa mu 2019. Fufuzaninso mawu akuti bgsound kapena embed: nyimbo ija singalirenso, koma dzina la fayilo yake ya MIDI likuuzani kuti inali nyimbo yanji.

Tengani maadiresi amenewa limodzilimodzi mupite nawo ku web.archive.org. Imeneyi ndi Wayback Machine, ya bungwe la Internet Archive limene Brewster Kahle analiyambitsa ku San Francisco mu 1996. Makina awo amayendayenda pa intaneti n'kumajambula masamba, ndipo kuyambira 2001 aliyense akhoza kukaona zimene anajambula, kwaulere. Mukaika adiresi, pamabwera mzere wa zaka, ndipo pansi pake kalendala yokhala ndi timadontho. Tabuluu ndi tabwino, tsamba linapezeka. Tobiriwira tikutanthauza kuti anakankhidwira ku adiresi ina. Taolenji ndi tofiira ndiye kuti tsiku limenelo anapeza chitseko chotseka. Yambani ndi dontho labuluu lakale kwambiri, chifukwa la posachedwa nthawi zambiri limangokhala chithunzi cha uthenga wonena kuti chinthucho kulibe.

Osataya mtima ndi kuyesa koyamba. Yesani adiresi yokhala ndi www ndi yopanda www. Yesani dzina la chiweto ndi zilembo zazikulu, kenako zazing'ono. Mukaika nyenyezi kumapeto kwa adiresi ya foda, monga web.archive.org/web/*/ kenako adiresiyo ndi * kumapeto, amakuonetsani mafayilo onse amene anagwira m'fodamo, ndipo nthawi zina mumapezamo zimene munaziiwala n'komwe. Njira yomweyi ndi imene mungatsate ngati akaunti yanu inafufutidwa kapena yakanika kutseguka: ikani adiresi ya tsamba la chiweto, kapena neopets.com/userlookup.phtml?user= kenako dzina lanu.

Kachinsinsi kena: adiresi iliyonse ya Wayback ili ndi manambala 14 pakati, amene ndi chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi ndi sekondi imene tsambalo linajambulidwa. Mukawonjezera id_ kumapeto kwa manambalawo, mumalandira fayilo monga inalili, popanda chikwangwani cha Wayback pamwamba ndiponso popanda maadiresi osinthidwa. Imeneyo ndi imene muyenera kusunga, ndipo manambala 14 aja muwalembe m'dzina la fayiloyo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wayback imachedwa, ndipo pa netiweki ya madzulo, aliyense ali pa foni, imachita ngati yafa. Ine ndinkasaka m'bandakucha, tambala woyamba atangolira. Pa zithunzi 11 zimene zinasowa patsamba la Chigumu ndinapezako 4. Dziwaninso kuti makinawa sankatha kulowa m'malo ofuna pasiwedi, ndiye Neomail yanu kapena za m'thumba mwanu musakazifune kumeneko.

Musanachokepo, bwezani moyenera. Patsamba loyamba la Wayback pali bokosi lolembedwa kuti Save Page Now. Ikanimo adiresi ya tsamba la chiweto chanu kuti lijambulidwe lero. Koma musaliyese nkhokwe yanu yokhayo. Mu Okutobala 2024 Internet Archive nayo inaukiridwa ndi akuba pa intaneti ndipo inazima kwa masiku angapo.

Nkhope yakale ndi magemu

Ngati munasiya kusewera 2007 isanafike, chiweto chanu mudzachipeza chitasintha nkhope. Mu Epulo chaka chimenecho Neopets inajambulanso ziweto zonse kuti ziime mofanana n'cholinga choti zizitha kuvekedwa zovala. Za mitundu wamba, ngati Chigumu wanga, zinasinthidwa osafunsidwa. Zina za mitundu yodula eni ake anapatsidwa mwayi wosankha, ndipo zosasinthidwazo, zimene osewera amazitcha UC, zinasanduka chuma chimene anthu anakanganirana zaka zambiri. Mu Januwale 2024 maonekedwe akale ena anabwereranso, ogulidwa ndi Neocash, imene imafuna ndalama zenizeni. Amene ali nazo agule, koma kwa ine kumeneko n'kugula malaya, si kusunga mbiri. Zithunzi zakale za mitundu ya ziweto, mokondwa, mokwiya ndi modwala, okonda Neopets anazisonkhanitsa kale pa mawebusaiti awo monga Jellyneo ndi SunnyNeo. Pezani cha mtundu wanu, chitsitseni, chiikeni m'foda pambali pa chatsopanocho.

Magemu ndiwo anavulala kwambiri. Pafupifupi onse ankayendera Adobe Flash, imene eni ake anaisiya pa 31 Disembala 2020. Musayese kutsitsa Flash yakale pa mawebusaiti osadziwika, n'kuitana mavairasi m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Ruffle imene imaseweretsa mafayilo a .swf popanda Flash, ndipo Neopets yeniyeniyo inaigwiritsa ntchito mu 2023 kubwezeretsa magemu ambiri akale. Palinso Flashpoint, ntchito ya anthu ongodzipereka yosunga magemu a pa intaneti masauzande ambirimbiri, a Neopets ali momwemo. Posankha samalani: Flashpoint Infinity imatsitsa gemu yokhayo imene mwaitsegula, pamene Ultimate ndi yoposa terabyte imodzi, ndipo palibe bandulo ya mu Blantyre muno imene ingaipirire. Mukasewera Meerca Chase kumeneko simulandira Neopoints, koma ma negg ofiira, tizipatso ta m'gemumo, amaphabe chimodzimodzi.

Kosunga

Tsopano muli ndi foda. Ipatseni dzina lomveka, ndipo fayilo iliyonse iyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2005-08-14_tsamba_la_chigumu, kuti ziziyalana zokha mwa msinkhu. Makope akhale atatu, pa zinthu za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba yanu.

Fulashi ndi mtengatenga, si nkhokwe. Ikakhala zaka osalumikizidwa ku kompyuta imayamba kuiwala, ndipo zina zogulitsidwa m'misewu zimanama kukula: zimalemba 64 GB chonsecho mkati muli malo ochepa, ndiye zikadzaza zimayamba kudya mafayilo oyamba mwakachetechete. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati ikunena zoona. Iyeseni ikadali yopanda kanthu. Ndipo fulashi ya mbiri yanu isamapite kokapulinta ma CV. Tonse tikudziwa kavairasi kaja kamene kamasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut.

Ngati m'katoni mwanu muli ma CD owotcha nokha a nthawi imeneyo, akopereni sabata ino. Utoto wa mkati mwake umafooka ndi kutentha ndi kuwala, ndipo chipinda cha malata mu Okutobala, kenako chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni, si malo ake. Madisiketi nawo amachita nkhungu. Ogulitsa zipangizo za makompyuta ena amakhala ndi kowerengera disiketi kolumikiza pa USB, funsani ku Limbe kapena m'tauni. Muziwerenga kamodzi kokha n'kukopera zonse, osamabwerezabwereza. Hard drive yakunja ndi yabwino, koma musamakopere magetsi akuphethira, ndipo muziizula mukamaliza.

Za kope la kunja kwa nyumba sindikunena mongokometsa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe, anthu anataya abale awo, ndipo palibe fayilo imene ingayerekezedwe ndi zimenezo. Koma patapita miyezi, opulumuka ena ankafunsa achibale akutali ngati ali ndi chithunzi chilichonse cha malemu. Kuyambira pamenepo foda ya Chigumu imayendera limodzi ndi zithunzi za banja ndi masatifiketi: kope limodzi pa laputopu, lina pa hard drive kwa achemwali ku Zomba, lina pa Google Drive. Foda yonse ya Neopets ndi yaing'ono kuposa vidiyo imodzi ya pa ukwati. Masamba awiri atatu ndinawapulintanso papepala. Musaseke, paja pa zonse zimene ndinali nazo mu 2004, chimene chinafika lero chili chathunthu ndi kope la masamu. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa ndimatsegula makope onse atatu kuona ngati akuwerengeka.

Zimene kompyuta sinaone

M'fodamo muikemo fayilo imodzi ya Notepad, mulembemo nokha, m'Chichewa momwe. Wayback ikhoza kusunga tsamba, koma sidziwa kuti linkatseguka mzere ndi mzere kwa mphindi zitatu, inu mukuwerengera ndalama yanu ikupsa. Sidziwa za achimwene a pa kafe aja amene ankaima kumbuyo kwanu n'kunena kuti, "Aise, nthawi yatha, pali bwana akufuna atumize imelo," inu mukupempha kuti, "Achimwene chonde, kamphindi kamodzi, ndingomaliza kudyetsa." Sidziwa kuti tinkakhala atatu pampando umodzi, wina pa mawusi, wina pa kiyibodi, wachitatu akungolamula. Lembani amene anakuphunzitsani kusintha mtundu wa zilembo, chimene munkasungira Neopoints, paint brush (yosinthira maonekedwe a chiweto) imene munaisirira osaigula. Langa linali khumbo la paint brush ya Faerie, ndipo sindinafikeko ngakhale theka.

Ngati msuweni kapena mnzanu amene munkasewera naye alipo, mukhazikeni pansi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, muyatse chojambulira mawu cha pa foni, mutsegule tsambalo pamaso pake. Musamufunse mafunso, adzayamba yekha. Wanga anakumbukira kuti ndinalira pa kafe mpaka anthu kutembenuka tsiku limene ndinagulitsa codestone, kamwala ka pa Neopets, pamtengo wolakwika nditaiwala ziro mmodzi, nkhani imene ine ndinali nditaikwirira bwinobwino.

Za anthu ena samalani nazo. Makalata a Neomail, mayina a anzanu a mu guild (gulu lanu la pa Neopets), zimene anakuuzani za kwawo, zonsezo analemba ali ana, ndipo sanavomere kuti zidzaonekere pa Facebook ali ndi maukwati awo. Sungani m'foda mwanu, koma mukafuna kuonetsa anthu, phimbani mayina. Tsamba la m'kope lokhala ndi pasiwedi nalo mulijambule pasiwediyo itasinthidwa kale.

Nditamaliza zonsezi ndi pamene ndinapita ku Tyrannia kukatenga omelette. Chigumu anadya magawo onse atatu ndipo anali akadali ndi njala. Mwana wa achemwali, wa zaka 9, anaima pambali panga n'kufunsa kuti, "Amalume, ndiye gemu yake ikuyamba nthawi yanji?"

Pa zithunzi 7 zimene sizinapezeke, chimodzi chimandiwawabe. Chinali chikwangwani cha pamwamba penipeni, chimene ndinajambula ndekha pa Paint ku ofesi ya amalume Loweruka lina: phiri la Ndirande lobiriwira mopitirira muyeso, Kacheek wachikasu ataima pansonga. Ndinachisunga pa kawebusaiti kena kaulere kamene lero ngakhale dzina lake silitseguka, ndipo makina a Wayback sanadutseko. M'khodi mwangotsala dzina la fayilo, ndirande_final2.gif, ndi muyeso wake, 400 m'litali, 120 m'lifupi. Mwana uja anati andijambulira china chokongola pa foni yake mphindi ziwiri zokha. Ndinamuuza kuti ajambule, ndipo chili m'foda, ndi deti lake. Koma pamwamba pa tsambalo ndasiyapo kabokosi kopanda kanthu kaja.